Ngodya ndi mizere ya parallel pa GRE: maso asakunamizeni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukonzekera mayeso a GRE kuti akachite digiri yachiwiri ku America. Akuti masamu anasiyana nawo atalemba MSCE, ndipo tsopano chikuwasowetsa tulo ndi ngodya. Anafunsa kuti: "Kodi ndiloweze mayina onse aja, corresponding, alternate, co-interior? Nanga n'chifukwa chiyani ndikulakwa mafunso ooneka ophweka?"

Achemwali, yambani mwatsimikiza mayeso amene yunivesite yanu ikufuna. GMAT, mayeso ena olowera maphunziro a bizinesi, inachotsa geometry pamene mtundu wake watsopano unayamba mu Novembala 2023, koma GRE idakali nayo. Kuyambira Seputembala 2023 masamu a GRE ali ndi mafunso 27 m'mphindi 47, ndiye kuti funso limodzi silipeza n'komwe mphindi ziwiri. Palibe amene adzakuuzeni kuti mutchule dzina la ngodya, kapena kuti mulembe umboni ngati mmene tinkachitira kusekondale.

Taganizirani zitsulo ziwiri za njanji, zomwe ndi mizere ya parallel chifukwa sizikumana, msewu wowongoka n'kuzidutsa mopendekeka. Pamene msewu wakumana ndi zitsulozo pamabadwa ngodya 8, koma kukula kwake ndi kwa mitundu iwiri yokha. Zinayi ndi zazing'ono ndipo n'zofanana, zinayi ndi zazikulu ndipo nazonso n'zofanana. Mukaphatikiza yaing'ono ndi yaikulu mumapeza madigiri 180. Mayina aja amangofotokoza pamene ngodya yakhala. Msewu ukapanda kupendeka, zonse 8 zimakhala madigiri 90.

Tiyese. Mizere iwiri ndi ya parallel, ndipo mkati mwake, mbali imodzi ya mzere wodutsawo, muli ngodya 3x + 10 ndi 2x + 20. Imodzi ndi yaikulu, inayo yaing'ono, choncho 5x + 30 = 180, x ndi 30. Ngodyazo ndi 100 ndi 80. Musathamangire kusankha 30 musanabwerere kufunso, pakuti mwina akufuna ngodya, osati x.

Koma funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lagona apa. Bungwe la ETS, eni ake a GRE, limanena poyera kuti zithunzi za geometry sizikhala zojambulidwa molingana ndi muyeso nthawi zonse. Mukhoza kukhulupirira kuti mzere wooneka wowongoka ndi wowongokadi, komanso kuti madontho a pamzere atsatana monga mukuwaonera. Koma kuti mizere iwiri ndi ya parallel, zimenezo ayenera kukuuzani, kaya ndi mawu kaya ndi chizindikiro cha ∥. Akapanda kunena, lamulo la njanji lija siligwira ntchito, ngakhale mizereyo itaoneka bwanji.

Msamphawu umakola kwambiri pa mafunso a Quantitative Comparison, oyerekeza kukula kwa zinthu ziwiri. Akupatsani mizere iwiri yooneka ngati njanji, ngodya yam'mwamba ndi 70, yam'munsi pamalo ofanana ndi y. Quantity A ndi y, Quantity B ndi 70. Mtima umathamangira ku C, kuti n'zofanana. Tabwererani, werenganinso. Ngati sananene kuti mizereyo ndi ya parallel, mzere wam'munsi ukhoza kupendeka pang'ono chabe, y n'kukhala 68 kapena 73. Yankho ndi D: zimene apereka sizokwanira. Zimandipweteka mtima kuona munthu wodziwa masamu akutaya malikisi pa funso lotere, pomwe kuwerengetsa kwake kunalibe vuto.

Mtundu wina umene umazunguza anthu ndi wa mzere wopindika ngati chigongono pakati pa mizere iwiri ya parallel. Mkono umodzi ukupanga madigiri 35 ndi mzere wam'mwamba, wina 50 ndi wam'munsi, ngodya ziwirizi zili mbali imene nsonga ya chigongono yaloza, ndipo akufuna ngodya ya pachigongono. Koperani chithunzicho papepala, kenako jambulani mzere wachitatu wa parallel wodutsa pachigongono penipeni. Ngodya ija yagawika pawiri, 35 pamwamba ndi 50 pansi, yonse ndi 85. Njira yomweyi ndi imene imaonetsa chifukwa chake ngodya za triangle zimakwana 180: jambulani kunsonga kwake mzere wa parallel ndi mbali yake ya pansi, ngodya zitatu zija zindandalika pamzere umodzi. Chitani zimenezi ndi dzanja lanu kamodzi, simudzafunanso kuloweza.

Mayina aja adziweni mokwanira kuti muwazindikire mukawaona m'buku, chifukwa mayeso ndi a m'Chingerezi, koma musawathere madzulo onse. Sabata ino tengani mafunso onse a ngodya amene munalakwa, ndipo pa lililonse lembani mizere iwiri: zimene anandiuza, ndi zimene ndinangoona. Mukatero mundilemberenso, mundiuze kuti ndi angati amene munalakwa chifukwa cha mzere wachiwiriwo.