Mpando wa jaji ku America umakhazikitsidwa bwanji?

Achimwene, mwafunsa ngati pulezidenti wa America ndi amene amagamula kuti khoti lakutilakuti likhale ndi majaji angati. Ayi ndithu. Pulezidenti amasankha majaji a makhoti a boma lalikulu okha. Milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku, monga ya ukwati, ngongole, kuba ndi malo, imazengedwa m'makhoti a zigawo 50 zija, Florida, Nevada, California ndi zinzake. Chigawo chilichonse chili ndi konsitityushoni yake, nyumba ya malamulo yake ndi bwanamkubwa wake. Musiyanitsenso zinthu ziwiri izi: kukhazikitsa mpando wa jaji ndi nkhani ina, kukhazikapo munthu ndi nkhani inanso. Mpando umabwera ndi lamulo lomwe aphungu a chigawocho avomereza.

Nanga amadziwa bwanji kuti majaji akuchepa? Kungowerenga mafayilo kumanamiza, poti mlandu wothamangitsa galimoto umatha m'mphindi zochepa pomwe wakupha munthu umatenga masiku. Ndiye majaji amalemba kwa masabata angapo nthawi yomwe ataya pa ntchito iliyonse, kenako akatswiri amapeza mphindi zomwe mtundu uliwonse wa mlandu umadya. Bungwe la National Center for State Courts, la ku Williamsburg m'chigawo cha Virginia, lathandiza zigawo zambiri pa kafukufuku wotere. Tiyerekeze: khoti limalandira milandu 4,000 pachaka, uliwonse umadya mphindi 90, zonse pamodzi 360,000. Ngati jaji mmodzi ali ndi mphindi 75,000 pachaka, mutachotsa tchuthi, maphunziro ndi maulendo, khotilo likufunika majaji pafupifupi asanu. Ngati alipo atatu, mulu wa milandu uzingokula. Vuto n'lakuti kafukufukuyu amayeza mmene majaji akugwirira lero. Ngati anali kale kuthamangitsa milandu chifukwa chopanikizika, manambala aonetsa ngati zonse zili bwino.

Florida inaziika izi mwadongosolo m'konsitityushoni yake, Article V gawo 9. Khoti lalikulu la chigawocho limalembera aphungu, msonkhano wawo usanayambe, kuti mipando ionjezedwe kapena ichepetsedwe pati. Aphungu angavomere zonse, angavomere zochepa, angakanenso. Koma akafuna kupyola nambala yomwe khoti lanena, pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a mamembala m'nyumba zonse ziwiri. Ndipo mpando ukachotsedwa, jaji yemwe alipo amayamba wamaliza nthawi yake, kuopa kuti andale angamachotse jaji wowasowetsa mtendere pongothetsa mpando wake. Mwa njira imeneyi Florida inatsegula khoti lachisanu ndi chimodzi la apilo ku Lakeland pa 1 Januwale 2023, ndipo malire a makhoti ena a apilo anasunthidwa.

Pomwe zinthu zimathera m'madzi kawirikawiri ndi pa bajeti. Jaji sabwera yekha. Amafuna chipinda chozengera milandu, alembi, wachitetezo, womasulira, kuphatikizapo oimira boma pa milandu ndi maloya a anthu osauka. Mu 2007 aphungu a ku California anavomereza mipando yatsopano 50, kenako chuma chinasokonekera ndipo ndalama sizinatuluke. Mipandoyo inakhala ya papepala chabe kwa zaka zoposa khumi, pomwe makaunti (maboma ang'onoang'ono a m'chigawo) ngati Riverside ndi San Bernardino, komwe anthu ankachulukirachulukira, anali kulira ndi kuchepa kwa majaji. Choncho mukamva kuti bilu yadutsa, funsaninso ngati ndalama zake zili mu bajeti.

Kusintha makhoti enieniwo kumadalira pomwe nkhaniyo inalembedwa. Ikakhala m'lamulo wamba, aphungu amasintha okha, monga aphungu athu anachitira mu 2016 pomwe anasintha Courts Act n'kugawa High Court m'nthambi. Ikakhala m'konsitityushoni, anthu amayenera kuvota. Ku Nevada ovota anakana khoti la apilo kangapo, komaliza mu 2010, n'kudzavomera mu 2014, ndipo linayamba ndi majaji atatu. California nayo inadutsira kwa ovota mu 1998 kuti iphatikize makhoti ang'onoang'ono ndi akuluakulu m'makaunti ake 58, n'cholinga choti jaji aliyense azitha kumva mlandu uliwonse, osati wina kumangokhala pomwe mnzake wakhoma lina akumira.

Ndale nazo sizikhala patali. Konsitityushoni ya Arizona imangoti majaji a khoti lalikulu asachepere asanu. Mu 2016 aphungu anaonjeza awiri, ngakhale jaji wamkulu Scott Bales ananena kuti kuchuluka kwa ntchito sikunkafuna zimenezo, ndipo bwanamkubwa Doug Ducey ndi amene anasankha atsopanowo. Chaka chomwecho aphungu a ku Georgia anaonjeza majaji a khoti lawo lalikulu kuchoka pa 7 kufika pa 9. Kunena zoona, mipando ikamaonjezedwa eni ake a khoti asanapemphe, funso lofunika ndi lakuti adzasankhe ndani.

Si nthawi zonse aphungu amapambana. Mu 2023 a ku Mississippi anakhazikitsa lamulo loti jaji wamkulu aike majaji anayi ongogwirizira mu Hinds County, komwe kuli mzinda wa Jackson, womwe anthu ake ambiri ndi akuda. Anthu anakasuma, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho khoti lalikulu la chigawocho linathetsa gawo limeneli, poti konsitityushoni yawo imati majaji a makhoti amenewo azisankhidwa ndi ovota.