FUNSANI AZAMBA: Miyezi itatu, mimba siikuoneka, apongozi akuti ndikhale chete

Anti muli bwanji, ine ndine mtsikana wa zaka 22 ndimakhala ku Chawama, pathupi panga ndi poyamba ndipo papita miyezi itatu osasamba. Vuto ndi loti apongozi anga akuti ndisayambe sikelo mpaka mimba ioneke chifukwa anthu akadziwa msanga atha kuyimanga, akutinso pakali pano ndi magazi chabe mulibe munthu. Manje ine ndikusanza tsiku lililonse, fungo la kapenta sindilifuna olo pang'ono, mu minibasi ndiye osanena, koma dothi lija amagulitsa ku msika wa Soweto ndikudya ngati maswiti. Ndiponso sindikumva mwana kugunda, kodi ali bwino? Ndithandizeni.
Mai wa ku Chawama

Mwana wanga, ndiyambe ndi mawu a apongozi akowo oti ndi magazi chabe. Ayi ndithu, munthu alimo, kungoti ndi kakang'ono. Ife timawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo wako womaliza, ndiye mwezi wachitatu ndi sabata 9 mpaka 12 chakuti. Polowa mwezi umenewu kamwana kamakhala masentimita awiri ndi kanthu, pomatha kafika 5 kapena 6, tangoyang'ana chala chako chachikulu cha kumanja, basi ndi komweko. Kulemera kwake sikufika magalamu 20, ngati supuni yaikulu ya shuga. Koma pa kanthu kameneko pali mutu (waukulu zedi, pafupifupi theka la thupi lonse), manja, miyendo, tizala tomwe poyamba tinali togwirana ngati ta bakha tapatukana, zikhadabo zayamba kumera, zikope zatseka maso, impso zayamba kupanga mkodzo, ndipo mtima unayamba kale kugunda cha m'sabata 6, pano ukuthamanga ka 150 mpaka 170 pa mphindi imodzi pomwe wakowo umagunda cha m'ma 80. Kamatakataka kale mmenemo, ukapita ku sikani utha kukaona kakudumpha, koma iwe sungakamve chifukwa nkakang'ono ndipo kakuyandama m'madzi. Pa mimba yoyamba ambiri amayamba kumva kugunda pa sabata 18 mpaka 20, ena mpaka 22, ndiye zakusamva kugundazo usataye nazo tulo. Mimba kusaoneka nakonso nchimodzimodzi, chiberekero chikadali kuseri kwa fupa la pachinena, chimatulukira pamwamba cha kumapeto kwa mwezi uno.

Tsopano za sikelo, apa ndiye ndilimba mawu. Kubisa mimba kwa aneba, kwa anzako a kutchalitchi, olo kwa azilamu, bisa ndithu ndi zako zimenezo, nanenso yanga yoyamba ndinabisa mpaka chitenje chinakana chokha. Koma kliniki si aneba. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO kuyambira 2016 limati mai woyembekezera aonane ndi achipatala ka 8, ndipo ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanathe, kuno kwathu ku Zambia nafenso timatsata zomwezo. Chifukwa chake nchoti zinthu zomwe zimapha mwana mwakachetechete zimagwidwa ulendo woyambawo. Amakuyeza BP, kuchuluka kwa magazi, mkodzo, HIV, chindoko. Chindoko makamaka, munthu utha kukhala nacho osamva kalikonse koma chimachititsa kupita padera kapena kubereka mwana wakufa, pomwe mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin chabe ukamulandira nthawi ilipo. HIV ikapezeka umayamba ma ARV tsiku lomwelo ndipo mwana amabadwa alibe nthawi zambiri. Ndiye ukadikira kuti mimba ioneke, ndi mwezi wa 5 kapena 6 umenewo, miyezi yonseyo matenda akungodya. Pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi mimba yomangidwa ndi mneba sindinaigwirepo m'manja, koma ana otayika ndi chindoko chomwe chikanachira ndawafunditsa nsalu ndi manja angawa, ndiye undikhululuke ngati ndikulankhula mokalipa.

Apongozi usakangane nawo, sizithandiza. Uza mwamuna wako kuti alankhule ndi amake, ndipo abwere nawe ku sikelo akayezetse naye, chindoko ukachiza mkazi yekha mwamuna amamupatsiranso. Ku Chawama komweko chipatala chilipo, sufunika kukwera basi mpaka ku chipatala chachikulu cha UTH, kumeneko amakutumiza okha pakakhala vuto. Lawira m'mawa, mzere umakhala wautali, nyamula madzi ndi kachakudya, kadi akakupatsa uliike mu pulasitiki lisanyowe.

Kusanzako ndi mahomoni a mimba, amakwera kwambiri cha m'sabata 9 ndi 10 kenako amatsika, ambiri pofika sabata 14 apepukidwa. Usalole m'mimba kukhala mopanda kanthu, ika mabisiketi ouma kapena buledi pambali pa bedi udye usanadzuke, idya pang'onopang'ono kangapo m'malo modikira nsima yaikulu ya madzulo, zamafuta zambiri chepetsa, tiyi wa jinja amathandiza ena. Kapenta akakana msiye kaye, pali nyemba, nsinjiro, mazira, chibwabwa, bondwe, kalembula. Mazira inde, zoti mwana abadwa wopanda tsitsi ndi nthano, angophika mokwanira basi. Koma ukaona kuti olo madzi sakukhala, mkodzo wachepa wasanduka wodera, ukuonda, chizungulire, uko sikulinso kusanza kwa masiku onse, pita akakuike dripu.

Dothi. Eee, dothi ili. Nthawi zambiri mai akamalakalaka dothi chonchi timakapeza kuti magazi ndi ochepa, ayironi wachepa m'thupi, ndiye choipa nchoti dothilo silibweza ayironi, limatchinganso kuti wa m'zakudya asalowe bwino, kuonjezera apo njoka za m'mimba ndi kudzimbidwa. Ukanene kwa a sista osachita manyazi, sukhala woyamba. Adzakupatsa mapilisi a ayironi ndi folic acid, uzimwa tsiku lililonse. Ndikudziwa amanunkha ngati msomali wa dzimbiri ndipo chimbudzi chimada, kudako si matenda. Ndinapezapo mai wina ali ndi mapaketi a miyezi inayi osatsegula pansi pa chikwama, pamodzi ndi makobili ndi chipeso, magazi atatsika mpaka m'zikope mwayera mbee. Ngati akukupatsa nseru imwa usiku utadya, ndipo osatsitsira tiyi kapena khofi chifukwa zimenezo zimalepheretsa ayironi kulowa, tsitsira madzi, pakapezeka lalanje kapena gwafa ndiye bwino kwambiri. Fansidar wopewera malungo sayamba pano, amadikira miyezi itatu yoyamba ithe, koma neti yambiratu lero kugonamo.

Anti, mkazi wanga ali ndi mimba ya masabata 11, ndikufuna ndidziwe ngati ndi mwamuna kuti ndiyambe kugula zovala, sikani ingaonetse? Komanso za kuchipinda tisiye kapena?
Bambo wa ku Matero

Abambo, zovala dikirani kaye. Kuti akhala mwamuna kapena mkazi zinatha tsiku lomwe mimba inakhala, ndipo zimachokera ku mbewu yanu inuyo osati kwa amai, muzikumbukira zimenezo akadzabadwa wamkazi. Maliseche akupangika mwezi uno koma pa sikani amaoneka ofanana, zimadziwika bwino cha m'sabata 18 mpaka 20. Sikani ya pano ntchito yake nkuona ngati mwana wakhala m'chiberekero, mtima ukugunda, ndi mmodzi kapena mapasa, komanso tsiku loyembekezera kuchira. Za kuchipinda palibe choletsa ngati amai sakutaya magazi, sakumva kupweteka ndipo adokotala sanaletse, mwana simungamufike, khomo la chiberekero ndi lotseka. Koma akati atopa atopadi, mwezi uno tulo timavuta, mabele amapweteka, m'malo mokwiya katungeni madzi. Ndipo ngati mumasuta, kasutireni kunja kutali.

Anti ndili ndi miyezi itatu, dzulo ndaona timagazi pa kabudula komanso thupi likutentha, mnzanga wandipatsa Brufen ndi mankhwala achikuda oti alimbitse mimba. Ndimwe?
Mai wa ku Kanyama

Musamwe chilichonse mwa ziwirizo, ndipo uthenga wanu ndinauyankha kale pa foni tsiku lomwe unafika, pano ndikulembera ena. Timagazi tochepa m'miyezi yoyamba timachitika kwa amai ambiri ndipo mimba zambiri zimapitirira bwinobwino, koma palibe amene angadziwire kunyumba, ndiye magazi pamodzi ndi kutentha thupi ndi za kuchipatala lero lomwe osati mawa. Atha kukhala malungo, atha kukhala matenda a njira ya mkodzo, kapena mimba ikufuna kuchoka. Mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya pansi pa mchombo, phewa kuwawa, kapena kufuna kukomoka, ikhoza kukhala mimba yokhala mu chubu kunja kwa chiberekero, imeneyo ikaphulika munthu amatayira magazi mkati, pezani galimoto olo usiku. Mimba zambiri zomwe zimachoka zimachoka masabata 12 oyambawa, ndipo kawirikawiri chimakhala choti mbewuyo sinapangike bwino kuyambira pachiyambi, osati kuti munanyamula ndowa kapena wina anakulodzani. Kumutu kukawawa Panado ndiye wololedwa, Brufen ndi ma kapisozi ogula pa kantemba ayi, mizu yomwe muyezo wake sitiudziwa ayi, mowa olo wa masese ayi. Popita mutenge mankhwala onse awiriwo mukawaonetse a sista, ndipo muwauze tsiku lomwe munayamba msambo womaliza.