Kodi apolisi angafufuze mpaka liti munthu amene ali kale m'ndende?

Mayi wina watilembera imelo kuti mchimwene wake wakhala pa rimandi miyezi isanu pa mlandu wakuba moopseza, ndipo nthawi zonse akafunsa amauzidwa kuti kafukufuku sanathe. Akufuna kudziwa ngati kafukufukuyo ali ndi malire.

Mayi, pano pali nkhani ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Kufufuza mlandu waukulu kulibe tsiku lothera m'malamulo a Malawi. Apolisi akhoza kusunga doketi, fayilo yawo ya mlandu, zaka zambiri. Chimene chili ndi malire ndi kusunga munthu m'ndende pamene iwo akufufuza.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito nthawiyo ikatha. Kuchokera apo pamalowa lamulo la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, limene mu 2010 linaonjezeredwa magawo 161A mpaka 161J. Mlandu wa kwa majisitireti uyenera kuyamba kuzengedwa pasanathe masiku 30 munthu ali m'ndende. Wa ku Khoti Lalikulu, boma lili ndi masiku 30 oti liutumize kumeneko, kenaka masiku 60 oti uyambe. Milandu ikuluikulu, monga kupha, kugwirira, kugona ndi mwana, kuukira boma ndi kuba moopseza, malire ake ndi masiku 90. Woimira boma akhoza kupempha khoti kuti liwonjezere, koma apereke chifukwa chomveka, ndipo choonjezeracho sichipitirira masiku 30.

Ndiye werengerani: 90 kuphatikiza 30 ndi masiku 120. Miyezi isanu yadutsa kale pamenepo, ngati mboni sizinayambe kuperekera umboni.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagona tulo. Masiku akatha, chitseko cha ndende sichitseguka chokha, ndiponso mlandu sufa. Gawo 161I la lamuloli limapatsa khoti mphamvu yopereka belo, koma kawirikawiri pamafunika wina woti alikumbutse. Oyang'anira ndende amangotsatira chikalata cha rimandi chimene ali nacho. Mafayilo amasochera, galimoto yotengera akaidi kukhoti imasowa mafuta, wapolisi amene ankafufuza amasamutsidwa, ndipo munthu amaiwalika osati chifukwa cha nkhanza za wina koma chifukwa palibe akumulondola.

Chitani izi. Pezani nambala ya mlandu, dzina la khoti, tsiku limene anamangidwa ndi tsiku lomaliza limene anaonekera pamaso pa majisitireti. Pitani nazo ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu, ngati mulibe ndalama ya loya, kapena kwa maparaligo (othandiza pa zamalamulo omwe si maloya) a bungwe la PASI amene amayendera ndende, mupemphe kuti alembe pempho la belo potengera gawo 161I. Konzekeranitu abale awiri okhala ndi ziphaso komanso malo odziwika oti amuikire kumbuyo, chifukwa ena belo amapatsidwa koma n'kukhalabe mkati posowa womusainira. Ukanakhala mlandu wakupha, pempholo likanapita ku Khoti Lalikulu basi.

Nanga amene anagamulidwa kale, akugwira ukaidi, koma apolisi akumufufuza pa mlandu wina? Ameneyo masiku aja samuthandiza kwenikweni, poti chomusungira m'ndende ndi chigamulo choyamba. Apolisi akhoza kumufunsa ali momwemo, iye ali ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya asanasaine chilichonse. Choopsa n'chakuti akhoza kumudikirira pachipata tsiku lotuluka n'kumumanganso. Ndi bwino loya afunse msanga kwa ozenga milandu ngati pali doketi ina, kuti mlanduwo uzengedwe chilango choyamba chisanathe.

Milandu ing'onoing'ono yokha ndi imene imatha mphamvu ndi nthawi. Gawo 261 la lamulo la kazengedwe ka milandu lija limati mlandu wa kwa majisitireti umene chilango chake sichipitirira zaka 3 uyambe pasanathe miyezi 12 chichitikireni dandaulo, ndipo uthe pasanathenso miyezi 12 chiyambireni, kupatula nthawi imene woganiziridwayo anali atathawa. Kuba moopseza sikulowa m'gulu limeneli, choncho kwa mchimwene wanu njira ndi ya belo ija.