Mzinda waukulu ndi uti, Lilongwe kapena Blantyre?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kuli anthu ambiri ndi kuti, komanso tikachotsa mizinda inayi yodziwika ija, tawuni yotsatira ndi iti. Ndaona kuti m'makomentimu mkangano wabuka kale, aliyense akukokera kwawo. Tiyeni timve zimene kalembera anapeza.

Anthu ambiri ali ku Lilongwe. Kalembera wa mu September 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mumzinda wa Blantyre. Mzuzu inali ndi 221,272, Zomba 105,013, ndipo dziko lonse tinalipo 17,563,749. Anawerenga ndi a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili ku Zomba, ndiye a ku Blantyre musati a ku Lilongwe anadziwerenga okha.

Komabe amene akuumirira kuti Blantyre ndiye wamkulu sakubwebweta ayi, akungonena nkhani yakale. Blantyre inayamba mu 1876 ndi amishoni a ku Scotland, mu 1956 inaphatikizidwa ndi Limbe, ndipo kwa zaka zambirimbiri panalibe woipikisa. Pa kalembera wa 1966 inali ndi anthu oposa 109,000, pomwe Lilongwe inali kaboma chabe ka anthu 19,000 ndi kadontho, moti ngakhale Zomba inkaiposa pang'ono. Zinthu zinatembenuka Kamuzu Banda atasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Pofika 1977 Lilongwe inali itayandikira 99,000. Mu 1998 Blantyre inali patsogolobe, 502,053 kwa 440,471. Mu 2008 m'pamene Lilongwe inadutsa, koma ndi anthu ochepa kwambiri moti mkangano unali womveka. Mu 2018 mpata unafika pa anthu pafupifupi 189,000. Apa palibenso chokanganirana.

Sikuti a ku Lilongwe amabereka kuposa anzawo. Boma likasamuka silipita lokha. Maunduna atakhazikika ku Capital Hill anakoka akazembe a mayiko akunja, mabungwe, makampani omanga, kenako aganyu, ogulitsa malonda ndi achibale a onsewa. Ku Kanengo kunabwera okushoni ya fodya ndi mafakitale. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka 1994, nayonso n'kutsatira. Onjezanipo kuti mzindawu wazunguliridwa ndi midzi ya alimi yodzaza anthu, ndipo uli pachidikha, malo omangapo osasowa.

Nanga bwanji munthu ukatsika basi ku Limbe umamva ngati uku ndiye kuli chinamtindi? Maso sakukunamizani, kungoti akuyeza china. Akuyeza kuthithikana. Blantyre inapanikizika pakati pa mapiri, Ndirande uku, Soche uko, Michiru ndi Bangwe cha apo, ndiye nyumba zilibe kolowera koma kukwera phiri. Imani pamsewu muyang'ane ku Ndirande kapena ku Soche madzulo: malata aunjikana mpaka kumtunda, nyumba ina khonde lake lili pamwamba pa denga la inzake. Pa sikweya kilomita imodzi ku Blantyre pamakhala anthu oposa 3,000, pomwe ku Lilongwe safika 2,500. Lilongwe anaimanga momwazika dala. Kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre mumadutsa m'nkhalango, kuchoka apo kupita ku Kanengo ndi Lumbadzi ndi ulendo winanso. Mlendo amene wangozungulira ku City Centre Lamlungu akhoza kulumbira kuti mzindawu mulibe anthu. Apite ku Area 25, ku Kawale, ku Mtandire kapena kwa Chinsapo akaone kumene anthuwo amagona.

Nkhani ya kogonayi ndiyo imasokoneza ambiri. Wakalembera akafika pakhomo safunsa kumene mumagwira ntchito, amalemba anthu a pakhomopo. Munthu wa ku Lunzu kapena ku Mpemba amene amalawirira m'bandakucha pa minibasi kukagwira ntchito m'tauni, masana onse amadzaza nawo misewu ya Blantyre, koma m'buku amawerengedwa ku boma la Blantyre, osati kumzinda. Chimodzimodzi wa ku Nathenje kapena ku Mitundu. Malire a khonsolo ya mzinda ndi mzere wa pamapu, ndipo nyumba zikamamangidwa siziuona mzerewo. Ine ndimakhulupirira kuti mizinda iwiri yonseyi ndi yaikulu kuposa mmene manambala ake amaonetsera.

Ndiye amene walemba pamwambapa kuti Lilongwe ili ndi anthu oposa 2 miliyoni wasakaniza zinthu ziwiri. Boma la Lilongwe, kupatula mzinda, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni. Mukaphatikiza ndi mzinda mumafika pa 2.6 miliyoni, koma pamenepo mwawerengera ndi midzi yomwe.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndiye lokoma. Ambiri akanati Mangochi, ena Kasungu. Koma mu 2018 nambala 5 inali Karonga, ndi anthu pafupifupi 62,000. Kasungu inatsatira ndi pafupifupi 59,000, kenako Mangochi ndi 53,000 ndi kadontho. Karonga musaidabwe. Ili pa msewu wa M1 wopita kuchipata cha Songwe, kumene katundu wochokera ku Dar es Salaam amalowera, ndiponso mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009, uli m'boma lomwelo. Mangochi imanamiza anthu chifukwa cha chisokonezo chomwe chija cha boma ndi tawuni. Boma lonse la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, kuposa mzinda wa Blantyre, koma tawuni yake ndi yaing'ono.

Pambuyo pake pamabwera Salima, Liwonde ndi Balaka, zonse zili cha m'ma 36,000, zosiyana ndi anthu mazana ochepa okha. Dedza ili cha pa 31,000, Nkhotakota ndi Mchinji cha pa 28,000. Zotsalazo n'zocheperapo.

Mukayang'anitsitsa mndandandawu muona kuti chimakuza tawuni ndi msewu, osati ofesi ya DC. Liwonde si likulu la boma la Machinga, koma ili pa mlatho wa Shire, pa msewu waukulu ndi pa njanji, ndipo ikuposa kutalitali pa boma penipeni pa Machinga. Mponela ili pa M1 ndipo inaisiya kale Dowa, imene inakhalira pambali. Nalo dzina la khonsolo lisakupusitseni. Luchenza imatchedwa manisipaliti, koma anthu ake safika ndi 15,000 omwe, pomwe matawuni angapo oiposa kawiri alibe ulemu umenewo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi phompho limene lili pakati pa mizinda iwiri yoyamba ndi ena onse. Mzuzu, yomwe ndi yachitatu, ingalowe mu Blantyre katatu n'kutsalabe malo. Mukaphatikiza mizinda inayi yonse mumapeza anthu 2.1 miliyoni, ndipo onse okhala m'matauni m'dziko muno anali 16 okha pa anthu 100 alionse. Ena 84 ali kumudzi. Tilibe mizinda yapakatikati yoti mnyamata wochoka kumudzi n'kuimapo. Akanyamuka amalunjika ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kukawonjezera pamzere wa pampopi ku Mgona kapena ku Mbayani. Karonga, Kasungu, Salima ndi Liwonde zikanakhala ndi mafakitale ndi ntchito zokwanira, katunduyu akanagawanika.

Mzuzu yokha ndiyo ikuyesetsa. Inayamba cha m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta, mu 1966 inali ndi anthu osafika 9,000, inaidutsa Zomba pofika 1987, ndipo pakati pa 2008 ndi 2018 inakula mofulumira kuposa mizinda ina itatu ija. Zomba chichokereni boma yakhala ikukula mwapang'onopang'ono, moti ulemu wotchedwa mzinda inaulandira mu 2008, pomwe Mzuzu inaulandira kale mu 1985.

Manambala onsewa ndi a 2018. Lilongwe inkangotsala ndi anthu osakwana 11,000 kuti ikwane miliyoni, ndiye lero inadutsa kalekale. Mukapeza nambala ina pa intaneti, yambani mwafunsa ngati ili ya kalembera kapena yongoyerekeza, komanso ngati ikunena mzinda kapena boma lonse. Kalembera amachitika zaka 10 zilizonse, choncho wotsatira tikumuyembekezera mu 2028.