Kwa achemwali ofuna kuyenda maiko ndi chikwama kumsana akamaliza ku Chanco

Achemwali, poyamba landirani ulemu wanu, zaka zinayi za ku Chirunga si masewera. Mwati mukangovula gauni mukufuna kubereka chikwama n'kukayenda kunja miyezi itatu, mtima uli ku Ulaya monga mumaonera pa YouTube, ndipo mukufunsa poyambira ndi kandalama kamene mwasunga pogulitsa zovala ku Chikanda. Ndaona ena akukusekani, ena akuti mukafune kaye ntchito. Ine ndikuti pitani. Koma ulendowo muusoke molingana ndi pasipoti yathu ndi kwacha yathu, chifukwa mzungu wa mu vidiyo uja akuyendera pasipoti ina ndi ndalama ina.

Za ku Ulaya sinditalikitsa. Viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, ndi ma euro 90 kuyambira mu June 2024, ndipo akakukanani ndalamayo yapita. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yofika ma euro 30,000, sitetimenti ya ku banki, kumene mukagone, tikiti yobwerera, ndiponso umboni woti kwanu kuli chokubwezani, kaya ntchito kaya bizinesi. Munthu wongotuluka kumene pa sukulu, wopanda ntchito, ndi amene amamukayikira koposa. Ulaya sathawa, mudzapita pasipoti ikadzakhala ndi zidindo zoonetsa kuti mumapita n'kubwerera.

Kumene pasipoti yathu ili ndi mphamvu ndi kuno kwa anansi. Ku Tanzania, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana Mmalawi amalowa popanda viza, amangodinda pa boda. Ndipo njira zake si zachilendo. Ife amayi a geni takhala tikuziyenda zaka ndi zaka pokaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Tunduma ndi ku Lusaka, kungoti ife timathamangira katundu, sitiima kuti tione dziko. Inu muli ndi mwayi woima.

Ndikanakhala inu ndikanazungulira chonchi. Kuchoka pa depoti ya Zomba kulowera kumpoto mpaka Mzuzu, Karonga, n'kukadinda pa Songwe. Mlatho wa Songwe mumawoloka wapansi chikwama chili kumsana, ndipo tsidya lija pa Kasumulu muwonjezere ola limodzi pa wotchi yanu, Tanzania ali patsogolo pathu. Minibasi ya ku Mbeya imakwera mapiri a Tukuyu, nthochi ndi minda ya tiyi mbali zonse, mphepo yake yonga ya ku Chawe. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, tsiku lathunthu m'basi, kudzera ku Iringa ndi Morogoro. Msewuwo umadula pakati pa nkhalango ya Mikumi, ndiye mukhale pa windo, nyamalikiti ndi mbidzi mumaziona osalipira kanthu. Musathamange ayi. Gonani ku Iringa masiku angapo, ndi tawuni yozizira bwino, yoyendeka wapansi.

Ku Dar ndi ku Zanzibar ndi kumene ndikufuna mukakhalitse, chifukwa munthu wa ku Zomba akafika kumeneko amapeza mbiri ya kwawo ikumudikira. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) chimene mumachidutsa tsiku ndi tsiku kufupi ndi Cobbe Barracks chili ndi chinzake pakati pa mzinda wa Dar, cha msilikali wachikuda atagwira mfuti. Zonse ziwiri zikukumbutsa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo athu anakamenya ndi kusenza mtengatenga m'dziko lomwelo, pamene linali m'manja mwa Ajeremani. Mukakwera boti la maola awiri kupita ku Zanzibar, kafunseni tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Stone Town. Anachimanga pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Amene anachimanga ndi a mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA, omwe aja anayambira pa Magomero pafupi pathu pompa mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie. Bishopuyo atamwalira ndi malungo mu 1862 ndipo zinthu zitavuta, mishoni inasamukira ku Zanzibar mu 1864, n'kudzabwereranso ku Likoma patapita zaka. Pafupi ndi tchalitchicho pali tizipinda tapansi, denga lake lotsika moti munthu wamkulu saima mowongoka, timawindo tating'ono ngati ming'alu, ndipo olondolera alendo amakuuzani kuti m'menemo ndi mmene ankasungira anthu podikira msika. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pachilumbacho anachokera kunyanja kwathu kuno, kuwoloka pa Nkhotakota kwa Jumbe n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, pagombe la Tanzania. Mukadzaima pamenepo mudzadziwa kuti simunataye ndalama. Dziwaninso kuti kuyambira mu October 2024 Zanzibar imafuna alendo agule inshuwalansi yake polowa, ndiye muiwerengere, ndipo kumeneko ndi kwa Asilamu, chitenje ndi mpango zisatalikire.

Pobwerera musabwerere njira yomweyo. Kwerani sitima ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchoka ku Dar kukafika ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia. Njanji imeneyi anaimanga ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975, Nyerere ndi Kaunda atagwirizana kuti mkuwa wa Zambia uzikafika kunyanja osadzera kwa Ian Smith ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Sitimayi imachedwa ndipo ndandanda yake imasinthasintha, choncho tikiti mukagule nokha pa siteshoni masiku akadalipo, ndipo musapangane ndi munthu za ola lofikira. Ubwino wake kwa mtsikana woyenda yekha ndi woti m'zipinda zogona amuna ndi akazi amawapatula. Kuchoka ku Kapiri ndi Lusaka, kumene Chinyanja chidzakuyendetsani mumsika ngati muli kwanu, kenako Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), otambalala mamita oposa 1,700. Madzi amakhala ochuluka cha mu April ndi May, pofika October mbali ya Zambia imakhala itaphwa kwambiri. Pomaliza Chipata, Mwami, Mchinji, mwalowa kwanu. Ubwino wa kuzungulira kotere ndi woti kulikonse kumene zingakuvuteni, basi yokufikitsani pakhomo ilipo, simudikira ndege.

Ku Mozambique ndi kokongola, ndipo kuchoka ku Zomba ndi pafupi kudzera pa Chiponde kapena Nayuchi, koma chigawo cha Cabo Delgado chili pa nkhondo kuyambira 2017, komanso Chipwitikizi chimavuta munthu akakhala yekha. Kumeneko mudzapite ulendo wina, muli ndi mnzanu.

Tsopano nkhani imene imagwetsa maulendo ambiri, ndalama. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja m'mabanki ndi zosowa, izi nonse mukuzidziwa. Ndiye ndalama mwasungayo musaiwerenge m'makwacha. Iwerengeni m'madola, chifukwa mukangotalikira boda kwacha yathu palibe amene akuilandira. Yambani lero kufunsa ku banki ndi ku ma bureau ovomerezeka, muzigula pang'onopang'ono, ndipo malisiti muzisunga. Madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa, akale amawakana. Khadi la banki likhale lothandizira chabe, malire a ndalama zotapa kunja amasintha, ndipo tsiku lina makina amangolavula khadi popanda chifukwa. Musanadziwe masiku a ulendo, chotsani kaye ndalama ya basi yobwerera kuchokera kutali kwenikweni kumene mukafike, muisokere m'kathumba kamkati, ndipo imeneyo si yanu mpaka tsiku lobwerera. Chotsaninso ya maboti, sitima ndi zolipira pa zipata. Yotsalayo muigawe ndi zimene mungadye ndi kugona pa tsiku. Yankho limene lituluke ndilo kutalika kwa ulendo wanu. Likatuluka masabata asanu, yendani masabata asanu mokhuta, kusiyana ndi miyezi itatu yogona pa benchi ya depoti n'kumaimbira amayi kuti atumize ya mankhwala awo.

Pa boda osintha ndalama adzakuzingani musanatsike n'komwe, mipukutu ili m'manja, aliyense akuti sisita bwerani kuno. Dziwiranitu mtengo wa tsikulo pa foni. Sankhani mmodzi, ena muwauze atalikire. Iye ayambe kukupatsani zake, muwerenge nokha pepala limodzilimodzi, chifukwa ena amapinda ndalama pakati kuti imodzi ioneke ziwiri. Mukakhutira ndiye mutulutse zanu, ndipo zimene mwawerengazo asazigwirenso, akati tabweretsani ndiwerengenso mungomubwezera zonse n'kuchokapo. Sinthani zongokufikitsani m'tawuni. Mukafika gulani simu khadi ya dzikolo ndi pasipoti yanu, muikemo ndalama pa M-Pesa kapena Airtel Money, musamayende ndi mpukutu.

Pasipoti ngati mulibe, kafunsireni panopa, musadikire zotsatira za mayeso. Ngati muli nayo, ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa isanathe. Akakudindirani, werengani masiku amene alemba musanachoke pa windo, amene alembawo ndiwo lamulo, osati amene munamva kwa anzanu. Mukaganiza zokafika ku Kenya kapena Uganda, bayitsani katemera wa yellow fever masiku khumi musananyamuke, khadi lake lachikasu adzalifuna pa boda, ndipo kuyambira 2016 katemera mmodzi amakwanira moyo wonse.

Chinthu china ndikupempheni ngati mkulu wanu. Musanyamulire munthu katundu podutsa boda, kaya ndi mayi wachikulire wooneka wopemphera, kaya ndi kondakitala. Katunduyo akapezeka ndi chamba kapena mankhwala ozunguza bongo, mwini wake ndi amene wamugwira. Ndipo wina akakukomerani m'njira n'kuyamba za ntchito yabwino ku maiko a Aluya, tikiti ndi yaulere, pasipoti tisungireni, thawani. Nkhani za atsikana athu amene anakavutika ku Oman tonse tinazimva, ndipo zinayamba ndi mawu okoma omwewo. Pasipoti isachoke pathupi panu. Muziyesetsa kufika malo atsopano dzuwa lisanalowe, ndipo malo ogona muyambe mwaona chipinda, loko ndi neti musanalipire. Akazi anzanu a geni m'basi ndiwo amadziwa loji yotchipa koma yabwino, safunsa anadya phula.

Chikwama musagule chatsopano, pa kaunjika mumsika wa Zomba zimapezeka zolimba, mungoyang'ana zipi ndi lamba wa m'chiuno. Longedzani zonse mukuganiza kutenga, muvale nsapato zomwe mukayendere, mukwere Potato Path kuchoka m'tawuni mpaka ku Chawe, mupitirire ku damu la Mulunguzi, n'kutsikanso tsiku lomwelo. Mukafika kunyumba mudzachotsa nokha theka la katunduyo popanda wokuuzani. Zosasiya ndi zitenje ziwiri, juzi imodzi yofunda chifukwa Mbeya ndi Iringa mu June ndi July kumazizira kwabasi, neti, tochi, power bank, kaloko, Thanzi ORS ndi WaterGuard. Thupi likatentha kayezetseni malungo tsiku lomwelo, musamati ndi kutopa kwa ulendo. Nyengo yabwino yonyamuka ndi kuyambira May mpaka September, mvula itatha, kutentha kusanafike. Chiswahili phunzirani cha moni, manambala ndi kutsitsa mtengo, ndipo akuluakulu muziwapatsa moni waulemu woti shikamoo, adzakulandirani ngati mwana wawo.

Kwatsala kunyumba. Makolo amene anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mufike pamenepa ali ndi ufulu wodandaula, musawaone ngati otsalira. Musawadzidzimutse ndi uthenga muli kale ku Karonga. Khalani nawo pansi, amalume akhalepo, muwaonetse njira papepala, ndalama yake, tsiku lobwerera, ndi kuti muzilankhulana liti. Akaona kuti nzeru za ku sukulu zija zalowa mu dongosololi mtima umatsika. Satifiketi, transcript ndi CV muzijambule zikhale pa email, kuti ntchito kapena internship ikalengezedwa muli ku Iringa mulembere komweko, ndipo ngati muli ndi ngongole ya sukulu dziwiranitu nthawi imene muyenera kuyamba kubweza.

Mundiuze mwezi umene mukumaliza mayeso, ngati pasipoti muli nayo kale, ndiponso ngati pali mnzanu amene mungayende naye kufika ku Dar kokha, kuti tione ngati muyambire kumpoto kapena ku Mchinji.