Funsani Dokotala: Mankhwala a khansa andichititsa dzanzi m'mapazi

Funso: Adokotala, ndili ndi khansa ya pakhungu ija amati Kaposi, ndipo ndikulandira mankhwala a mudiripi otchedwa paclitaxel. Zotupa za m'miyendo zayamba kuphwa, koma zala za kumapazi zachita dzanzi ndipo usiku zimatentha. Anzanga akuti mankhwalawa akundiumitsa mitsempha, ndiwasiye. Nditani? Ndine bambo wa ku Chibavi.

Yankho: Bambo, musawasiye panokha, komanso musavutike chamumtima. Dzanzilo n'lenileni, ndipo gwero lake timalidziwa.

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo iliyonse muli timachubu tosaoneka ndi maso, dzina lake ma microtubule. Kachubu kamodzi n'kotakata mananomita 25 okha, ndipo nanomita ndi milimita imodzi mutaigawa ka 1 miliyoni. Timachubuti timalimbitsa selo, komanso ndi misewu yodutsa katundu. Pamisewupo pamayenda akabaza a mitundu iwiri: kinesin amatenga katundu pakati pa selo n'kupita naye kumapeto, dynein amabwerera ndi zotha ntchito. Kinesin ali ndi timiyendo tiwiri ndipo amapondadi kumodzikumodzi, mananomita 8 paphazi lililonse. Wasayansi Ron Vale ndi anzake anamutulukira mu 1985 pofufuza mtsempha wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid.

Chimene chimandigometsa ine n'chakuti misewuyi siikhalitsa. Kachubu kamatalika, mwadzidzidzi n'kuphwasuka, kenaka n'kuyambanso kutalika. Asayansi Tim Mitchison ndi Marc Kirschner anafotokoza khalidweli mu 1984. Kumangamanga ndi kuphwasulaphwasulaku ndiko kumathandiza selo ikamagawikana, chifukwa timachubuti timafunafuna makromozomu (timitolo tosunga malangizo a chibadwa), kuwagwira, n'kuwakokera mbali ziwiri kuti selo yatsopano iliyonse ilandire ake 46.

Apa ndiye pamene mankhwala anu amagwira. Maselo a khansa amagawikana mosalekeza. Paclitaxel, amene anapezeka koyamba mu khungwa la mtengo wa yew wa ku America, amaumitsa timachubuti kuti tisaphwasuke, ndiye selo imakanika kugawikana n'kufa. Vincristine, amene ana odwala khansa ya Burkitt amalandira, amachita zosiyana: amaletsa timachubu kumangika. Mapeto ake ndi amodzi.

Vuto ndi lakuti mitsempha yotumiza mauthenga imadalira timachubu tomweti. Selo ya mtsempha wofika ku chala chachikulu cha kuphazi imayambira kumsana, kutalika kwake pafupifupi mita yathunthu, ndipo zambiri zofunika kumapetoko zimachokera kumsanako. Msewu ukasokonekera, oyamba kusowa katundu ndi akutali. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za kumapazi, kenaka kumanja, osati pantchafu.

Musanalandire diripi yotsatira, auzeni adokotala kapena anamwino anu zonse: pamene dzanzi lafika, ngati mukulephera kumanga mabatani, ngati nkhwaira zikuvuka osazindikira, ngati phazi likukhwekhwereza poyenda. Iwo akhoza kuchepetsa mlingo, kutalikitsa masiku, kapena kukupatsani mankhwala ochepetsa kutenthako monga amitriptyline. Akayezenso shuga, ndipo muwauze ngati mukumwa isoniazid wa TB, pakuti ameneyunso amabweretsa dzanzi ngati munthu sakulandira vitamini B6. Mowa umawonjezera vutoli. Ngati muli pa ma ARV, pitirizani osadumphitsa, chifukwa Kaposi amagonja msanga chitetezo cha m'thupi chikakwera. Kwa anthu ambiri dzanzi limachepa pang'onopang'ono pakatha miyezi mankhwala atatha, koma kwa ena limatsalira, makamaka amene anachedwa kunena.

Ndiye kuzizira kwa kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julaye kumandidetsa nkhawa. Munthu wa dzanzi amayandikiza mapazi pa mbaula n'kupsa osamva. Valani masokosi, madzi osamba muziwayesa ndi chigongono, ndipo madzulo aliwonse yang'anani kunsi kwa mapazi ngati kuli bala.

Chinanso: vincristine amachokera ku duwa la periwinkle la ku Madagascar, lija la maluwa oyera kapena ofiirira limene lili m'mabwalo a nyumba zambiri. Wina akakuuzani kuti muwiritse masamba ake, kanani. M'masambamo mankhwalawo ndi ochepa kwambiri moti sangachize khansa, koma mulinso zina zimene zingakupwetekeni.

Funso: Mwana wanga walumidwa ndi galu patsaya. Bala ndi laling'ono ndipo akusewera bwinobwino. Ndidikire kaye? Ndine mayi wa ku Zolozolo.

Yankho: Mayi, musadikire ngakhale tsiku limodzi. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangani naye ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chimene muli nacho pafupi kuti akayambe katemera wa chiwewe.

Kachilombo ka chiwewe sikayenda m'magazi. Kamalowa mu mtsempha wotumiza mauthenga pafupi ndi bala, n'kunyamulidwa ndi dynein yemwe uja kulowera ku ubongo. Nthawi yonseyo munthu amaoneka wabwinobwino. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pakatha miyezi 2 kapena 3, koma zikhoza kubwera pasabata imodzi yokha, ndipo bala la kunkhope ndi loopsa kwambiri chifukwa ulendo wa ku ubongo ndi waufupi. Katemera amagwira ntchito kachilombo kasanafike kumeneko. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubalalika mutu, pafupifupi aliyense amamwalira. Mukawauze achipatala kuti bala lili patsaya, ndipo mwanayo amalize majekeseni onse ngakhale bala litapola. Ngati galuyo mukumudziwa, mwini wake amumange n'kumuyang'anira kwa masiku 10, koma katemera ayambe lero lomwe.