Za maloya a khonsolo ndi mayi amene anagwera m'ngalande

Achemwali, pepani kwambiri ndi ngozi ya mayi, Mulungu awachiritse msanga. Mwati anathyoka mwendo atagwera m'ngalande yosavundikira usiku, ndipo mwamva kuti khonsolo ya mzinda wa Lilongwe imatha kulemba maloya a makampani apadera kuti aiimire pa milandu ya anthu ovulala. Mukufunsa ngati zimenezi n'zololedwa, komanso ngati munthu wamba angapeze kanthu polimbana ndi maloya otere.

N'zololedwa ndithu. Pansi pa lamulo la Local Government Act la 1998, khonsolo ndi bungwe loima palokha, likhoza kusumira munthu ndipo nalonso likhoza kusumiridwa. Choncho lili ndi ufulu wodziteteza kukhothi, ndipo ngati milandu yachuluka kuposa maloya a mu ofesi mwake, likhoza kulemba ena, bola litsate malamulo a boma ogulira katundu ndi ntchito amene amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la PPDA. Tisabisenso mawu, alipo anthu opeka kuvulala kapena okulitsa bala pa pepala, ndipo a inshuwalansi akhala akudandaula za khalidweli kwa zaka. Ndalama imene angadye wabodzayo ndi yomwe ija timapereka pa misonkho ya mapuloti ndi matikiti a mumsika wa Tsoka kapena wa Lizulu. Kumeneko loya wabwino akuteteza ife tonse.

Chimene chimandiwawa ine ndi ntchito imene loyayo amapatsidwa. Ngati auzidwa kuti asiyanitse madandaulo oona ndi abodza, ndiye kuti oonawo alipidwe msanga, palibe vuto. Koma ngati ntchito yake ndi kukana chilichonse ndi kupempha kuti mlandu uimitsidwe mpaka wodandaula atope, apo ndiye nkhanza. Gogo wa ku Kawale kapena ku Mtandire sangakwanitse kukwera minibasi kupita kukhothi mobwerezabwereza ali pa ndodo. Komanso kuchedwetsako sikupulumutsa ndalama za mzinda, chifukwa loya wolembedwa amalipidwa pa ntchito yonse imene wagwira, ndipo kawirikawiri wogonja pa mlandu amauzidwa kulipiranso zimene mnzake wawononga. Mapeto ake anthu a mu mzinda alipira loya, alipira wovulala, alipira loya wa wovulala, ngalande ija ikadali yasa kudikira wina.

Tsopano za mayi. Choyamba dziwani mwini wake wa ngalandeyo, chifukwa si dzenje lililonse la mu Lilongwe lili m'manja mwa khonsolo. Misewu ikuluikulu ngati M1 imayang'aniridwa ndi Roads Authority, pena amene anakumba ndi kontrakitala womanga msewu, pena ndi oika mapaipi kapena mawaya. Mukasumira wolakwika, loya wa mbali inayo sadzavutika n'komwe. Pitani pamalopo sabata ino ndi foni, mujambule ngalandeyo masana ndi usiku, kuti zioneke ngati panali magetsi, chikwangwani kapena chotchinga. Musachedwe, chifukwa nkhani ikamveka ena amathamangira kukavundikira. Lembani maina ndi manambala a anthu amene anawanyamula mayi, ndipo funsani ogulitsa malonda pafupi kuti malowo akhala chonchi kwa nthawi yaitali bwanji komanso ngati wina anakadandaulapo. Mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri, popeza khothi limafuna umboni wakuti panali kunyalanyaza: mwini malowo anadziwa kapena anayenera kudziwa za ngoziyo, koma sanachitepo kanthu.

Tengani lipoti la chipatala kumene analandira chithandizo, kaya ndi ku Kamuzu Central kapena kwina, lofotokoza kukula kwa bala ndi kulumala kumene kungatsale. Sungani buku lawo la kuchipatala, zithunzi za X-ray, ndi malisiti onse a mankhwala ndi mayendedwe. Khothi limapereka chipukuta misozi pa ululu umene munthu wamva, pa zimene sangathenso kuchita m'moyo, pa chilema kapena zipsera, ndi pa ndalama zimene wataya. Koma ndalama zotayikazo zimafuna umboni wa pa pepala. Ngati mayi ankachita geni, kabuku kawo kolembamo malonda kakhoza kuthandiza.

Yembekezerani kuti mbali inayo idzanena kuti mayi sanasamale poyenda. Musaope. Ngakhale khothi litapeza kuti nawonso analakwitsa pang'ono, limangochepetsa ndalamazo molingana ndi gawo lawo, silitaya mlandu wonse.

Nthawi ndiyo muyenera kuisamala. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 zokha kuti munthu asume pa nkhani ya kuvulala, ndipo malonjezo a pakamwa akuti "tikuunika dandaulo lanu" saimitsa nthawiyo. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi konkuno ku Lilongwe. Mukasankha loya wapadera, onetsetsani kuti ali ndi chiphaso cha chaka chino (a Malawi Law Society angakuuzeni), ndipo mugwirizane pa pepala za malipiro ake mlandu usanayambe. Chenjerani ndi anthu oyendayenda m'zipatala amene amalonjeza mamiliyoni n'kusainitsa wodwala mapepala amene sanawerenge. Dziwaninso kuti malamulo oyendetsera milandu ku High Court a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa kukambirana pamaso pa woweruza ngati mkhalapakati. Ngati umboni wanu uli wokwanira, nkhani ikhoza kuthera pomwepo.

Kwa ena m'gulu muno amene mwakwiya kuti misonkho yathu ikupita kwa maloya, lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakulolani kulembera khonsolo kufunsa kuti yalemba kampani iti, inasankhidwa bwanji, yalipidwa zingati, ndipo milandu ingati yatha. Mufunsenso khansala wa dera lanu ngati malo amene anthu anavulalirapo anakonzedwa mlandu utatha. Akakana kuyankha popanda chifukwa, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, amene anapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.